Dzina la Pansi pa Chikopa

Galimotoyo inalowa pa Namitete Lolemba masana, dzuwa likuswa mtengo. Inali yakuda bii, ya zitseko ziwiri zokha, yotsika moti mimba yake inkachita ngati ikunyambita phula. Akabaza anasiya kulimbirana anthu. Amayi ogulitsa tomato anaimirira, manja ali pachipumi. Aliyense ankayesa kuti ingodutsa kulowera ku Mchinji, koma inakhota pang'onopang'ono n'kudzaima pa kashedi ka malata kokhala ndi chikwangwani chofwifwa: YAKOBO, WOSOKA MIPANDO.

Eunice anali pamakina, akusoka mpando wa minibasi. Anadzutsa mutu. M'galimotomo munatuluka mnyamata wamtali wa shati yoyera, wopanda matama amene eni galimoto zoterezi amayenda nawo. Anaima n'kuyang'ana chikwangwanicho nthawi yaitali, ngati munthu wofika pamanda.

"Zikomo, chemwali. Pano ndi pa a Yakobo?"

"A Yakobo anatisiya kalekale. Ine ndine mwana wawo. Tikuthandizeni?"

Mlendoyo anangotsegula chitseko n'kumukodola. Eunice anasuzumira. Dashibodi yonse, kuyambira pachiwongolero mpaka chitseko cha uko, inali yokutidwa ndi chikopa, koma chikopacho chinali chitang'ambikang'ambika ngati dambo la mu Okutobala. Anachisisita ndi chala. Ulusi wake unayenda mizere iwiri yowongoka bwino, ndipo chala chake chinaima pamenepo, osadziwa chifukwa.

"Izi n'za ku tauni, achimwene. Ku Lilongwe kuli amisiri a makina amagetsi. Ine zanga n'za minibasi ndi njinga zamoto."

"Onsewo ndawadutsa. Ndikufuna manja a pano."

"Za ine anakuuzani ndani?"

"Chikopa ndabwera nacho. Guluu, siponji, ulusi, zonse zili kumbuyoku."

"Si zimene ndafunsa."

Mnyamatayo anakoka khutu lake lakumanzere, maso ali pansi. "Ndine Mike."

"Mike ndani?"

"Mike basi, pakadali pano."

"Ndiye tamverani, a Mike Basi. Pano pali mwambo umene anasiya bambo anga. Tisanamate chikopa chatsopano, pansi pake timalembapo tsiku ndi dzina lonse la mwini wake. Ankati pamwamba utha kunamiza maso a anthu, koma pansi pa chikopa salembapo bodza. Popanda dzina, ine sindimata."

"Tsikulo likafika, ndidzakuuzani."

"Ndipo ndili nayo mpaka Lachisanu lokha. Loweruka kuli chinkhoswe."

"Cha ndani?"

"Changa."

Mike anapisa m'thumba. Kenaka anamuika makiyi m'manja, zala zawo zinakhudzana, n'kunyamuka wapansi kulowera ku resitihausi ya kuseri kwa msika.

* * *

Jane wa saluni yoyandikana anatulukira chisa chili m'manja, kasitomala atamusiya tsitsi theka.

"Amwali! Chinkhoswe Loweruka, Lolemba lomwe lino Satana watumiza kale mayesero pa matayala anayi?"

"Ndi ntchito, Jane."

"Ntchito yake yamtali choncho? Ine itandipeza ntchito yoteroyo, saluni nditha kuitseka."

Kuseka kwawo kunaduka pamene belu la njinga linalira. Anali Emmanuel, bwenzi la Eunice, mphunzitsi wa papulayimale, mwana wa mkulu wa mpingo, choko chikuonekabe pathalauza. Anaizungulira galimotoyo kamodzi osaikhudza.

"Ya ndani?"

"Ya kasitomala."

"Dzina lake?"

"Mike."

"Wa kuti? Mwana wa yani? Amapemphera kuti?" Emmanuel anatsitsa mawu. "Eunice, ukudziwa mmene ndinavutikira kuti bambo avomere. Zaka ziwiri ndikuwagwira mwendo. Ndiye sabata yomwe ino, iweyo, mwana wa a Yakobo, ukugwira galimoto ya munthu wolemera wosadziwika? Mukasowa kanthu m'menemo anthu adzati chiyani?"

"Adzati chiyani, aphunzitsi? Malizani."

"Usandiyese mdani. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Otsala pano ndife."

Anakwera njinga n'kumapita. Eunice anatsala makiyi ali m'manja, akumuotcha ngati khala.

* * *

Mawu amene Emmanuel sanamalize, Namitete yense ankawadziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, a Yakobo anaitanidwa ku esiteti ya fodya ya a Chikoti, cha ku Nsaru, kukakuta dashibodi ya galimoto yofiira imene bwanayo ankaikonda kuposa alimi ake onse. Ntchito itatha, wotchi yagolide ya bwana inasowa m'galimotomo. A Yakobo anakhala kundende miyezi khumi ndi isanu ndi itatu. Bwalo la akulu ampingo linawaimitsa mgonero. Atatuluka ankasoka osalankhula ndi munthu, mwana wawo ali pambali kuwapatsira singano, mpaka chifuwa chinawatenga. Kuchokera pamenepo Eunice anali mwana wa wakuba kusukulu, kuchitsime, ngakhale kukwaya. Emmanuel ndiye mwamuna woyamba amene anayenda naye poyera, ndipo Eunice anali atadziuza kuti kuyamika ndi chikondi n'zapachibale.

Lachiwiri m'mawa mayi ake, a Nankhoma, anamupeza akumanga mpango pakhomo.

"Ndamva za galimoto."

"Mphepo ya pa Namitete imathamanga."

"Ibweze, mwanawe. Galimoto ya munthu wolemera ndiyo inadya bambo ako."

"Ijayi inali yofiira, amayi. Iyi njakuda."

"Njoka ikafundula siisanduka nyongolotsi. Zonsezo n'zimodzi." Anakhala pampando, maso ali kutali. "Ine ndinalipo kukhoti. Umboni panalibe. Anangoimika kamwana ka bwanayo, Simoni, ka zaka khumi ndi chimodzi. Kakuti, 'Ndinawaona akuika m'thumba.' Kakulankhula kakukoka khutu, kosayang'ana munthu kumaso. Mawu atatu okha amenewo, Eunice, ndiwo anakwirira bambo ako. Dzina limenelo ndidzafa nalo pakhosi."

"Ndamva, amayi."

"Malume ako a Masautso agula kale nkhuku za Loweruka. Usatichititse manyazi kawiri."

Foni ya Eunice inanjenjemera m'chikwama. Anadikira mpaka atakhota pa mtengo wa mango. Unali uthenga wa Mike.

*Mwadzuka bwanji, amisiri? Kodi wothandizira simukumufuna? Ndimadziwa kugwira sipanala, koma osati kwambiri.*

Anayankha: *Nambala yanga mwaitenga kuti?*

*Ili pachikwangwani. Zinsinsi zanga si zambiri ngati mmene mukuganizira.*

*Zilipo zingati?*

*Chimodzi.*

Eunice anapezeka akumwetulira yekha pamsewu, ndipo anachita mantha.

* * *

Masiku awiri amenewo Mike sanachoke pashedipo. Eunice ankamalizitsa mipando ya minibasi, iye akumugwirira nsalu, akumasula tizitsulo tolakwika, akudzibaya ndi singano. Chikopa chatsopanocho, chofiirira ngati fodya woyamba kupsa, anachiyanika padenga la malata kuti dzuwa lichifewetse, monga ankachitira a Yakobo.

"Ku tauni amachiotcha ndi makina," anatero Mike.

"Bambo ankati chikopa chili ngati munthu. Ukachikakamiza chimakusungira mangawa, tsiku lina chidzang'ambika pamaso pa alendo."

"Anali munthu wotani?"

Palibe amene anamufunsapo funso limenelo. Anthu ankadziwa zimene a Yakobo anachita, kapena ankayesa kuti akudziwa. Eunice anayamba kufotokoza: mmene ankaimbira nyimbo za m'buku ulusi uli kukamwa, mmene ankamuyezera msinkhu ndi tepi pa Khirisimasi iliyonse. Mike ankamvetsera ngati akumwa mankhwala owawa amene wadzipempha yekha.

"Nanga aphunzitsi aja mumawakonda?" anafunsa mwadzidzidzi.

"Ndi munthu wabwino."

"Si zimene ndafunsa."

Eunice anaponda makina mwamphamvu mpaka ulusi unaduka.

Lachitatu madzulo, akutseka, Jane anamukokera kuseri. Ulendo uno sankaseka.

"A Emmanuel anali kuresitihausi, kufunsa buku la alendo. Akuti mnzakoyo analemba Mike yekha, kwina konse anasiya. Ndipo alongo awo a Emmanuel akuuza aliyense pachigayo kuti wagwidwa ndi galimoto. Samala, mwali."

Uthenga wa Emmanuel unafika nthawi yomweyo: *Mawa galimoto imeneyo ichoke. Ndanena.*

Pansi pake panali wa Mike: *Mawa mukamachotsa dashibodi, mudzandidikire. Chonde musayambe nokha.*

* * *

Lachinayi m'mawa anamasula chiwongolero, mawaya ndi mabawuti onse. Mike anagwira mbali imodzi, Eunice inayo, n'kuitulutsa dashibodiyo mosamala ngati wodwala. Eunice atayang'ana chitsulo chimene chinali chobisika kumbuyo kwake, anaima.

"Penti ya m'katimu njofiira."

"Inde."

"Galimotoyi inali yofiira?"

"Sendani chikopacho," anatero Mike ndi mawu otsika.

Anaiika pathebulo. Eunice analowetsa mpeni m'mphepete n'kuyamba kusenda. Chikopa chakalecho chinkalira ngati tsamba louma la fodya. Atafika pakati anachitembenuza, n'kuona zolembedwa pansi pa tsiku lofwifwa. Zilembozo ankazidziwa kuposa zake zomwe, zopendekera kumanja, za bolopeni yabuluu: *Galimoto ya a Chikoti, Nsaru. Wasoka ndi Yakobo. Ambuye adalitse oyendamo.*

"Ndi dzanja la bambo anga ili."

"Paipi ya mphepo ya kumanzereyo, igwedezeni."

Eunice anamuyang'ana, kenaka anasolola paipi yapulasitiki imene imabweretsa mphepo kwa woyendetsa. Inali yolemera mbali imodzi. Anaipendeketsa. Munatuluka fumbi, mapiko a njenjete, kenaka chinthu china chinagwera pathebulo kuti ngwe.

Wotchi. Yakuda ndi litsiro, galasi losweka, koma atapukuta ndi chitenje, golide anawala.

Eunice sanakuwe. Anakhala pansi padothi, wotchi ili pachifuwa, misozi ikungotsika. Zaka zonsezi inali mommuno, ikuyenda m'misewu, bambo ake akuola kundende, kenaka m'manda.

"Sanabe," ananong'ona. "Mike, bambo anga sanabe."

"Sanabe."

"Galimotoyi mwaipeza bwanji? Munadziwa bwanji?"

"A Chikoti anamwalira chaka chatha. Galimoto inagwera m'manja mwanga. Ndikanaitulutsa ndekha wotchiyi, anthu akanati ndaiikamo. Inayenera kutuluka ndi manja anu, pansi pa dzina la bambo anu."

Eunice sanafunsenso. Chimwemwe chinali chitamutseka makutu. Anadzuka n'kumukumbatira, pomwepo, masana, chitseko cha shedi chili pululu. Anamva mtima wa mnyamatayo ukugunda ngati wa mbalame yogwidwa.

Belu la njinga linalira kumbuyo kwawo.

* * *

Emmanuel sanakalipe. Anangoti, "Tiye kuseri," nkhope ili gwa. Eunice anamutsatira, n'kumuonetsa wotchi ndi chikopa cholembedwacho, mawu akuthamangitsana pakamwa. Ankayesa kuti akaona zimenezi, za kukumbatirana zija aziiwala.

Emmanuel anaitembenuza wotchiyo kawiri. "Waona ndani wina?"

"Palibe. Ndikupita nayo kwa amayi, kenaka kwa abusa. Lamulungu aionetse pamaso pa mpingo wonse, dzina la bambo liyeretsedwe."

"Ayi."

"Ayi?"

"Ukudziwa amene anatsogolera bwalo lija, amene anaimirira kunena kuti a Yakobo asayandikirenso mgonero? Ndi bambo anga. Ukufuna Loweruka akulandire ngati mpongozi, Lamulungu uwavule pamaso pa anthu?"

"Ndiye nditani nayo?"

"Isunge. Chaka chino chidutse, ukwati uchitike. Akufa safulumira, Eunice. Ndiponso ife tinakulandira kale mmene ulili. Sizikukwanira?"

Mawu akuti *mmene ulili* anamulowa ngati singano ya makina. Anamuyang'ana mwamuna amene Loweruka akanakhala wake, ndipo anaona chimene ankakana kuchiona zaka ziwiri: Emmanuel ankakonda kukhala munthu amene anakhululukira mwana wa wakuba. Mwana wa munthu wosalakwa sankadziwa kuti amutani.

"Bambo anga adikira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sadikiranso ngakhale Sabata imodzi."

"Ukapita nayo kwa abusa, chinkhoswe palibe."

"Ndiye palibe."

"N'chifukwa cha uyo, eti? Munthu wopanda dzina?" Emmanuel anaseka mowawa. "Wadzifunsa kuti anadziwa bwanji paipi yoti ugwedeze? Mwa mapaipi onse a m'galimoto? Chikomekome cha mkuyu, Eunice. Udzandifuna."

Eunice anavula kamphete kasiliva kamene anamupatsa pa Isitala, n'kukaika pachishalo cha njinga.

Madzulo amenewo kunyumba kunali ngati maliro ndi ukwati pamodzi. A Nankhoma analira atagwira wotchi, kenaka analira za chinkhoswe. A Masautso anaimba foni katatu, kufunsa kuti nkhuku azitani, nanga akuchimuna akawauza chiyani. Eunice anangolemba uthenga umodzi kwa Mike: *Chinkhoswe chatha. Musandifunse. Mawa timata chikopa, ndipo amayi akubwera kudzakuthokozani.*

Zizindikiro za pafoni zinaonetsa kuti Mike wawerenga. Anayamba kulemba, n'kusiya. Anayambanso, n'kusiya. Yankho silinabwere.

* * *

Lachisanu Eunice analawirira. Anapala guluu wakale, anatseka ming'alu ndi siponji yatsopano, anadula chikopa potsatira cha bambo ake, n'kusoka mizere iwiri yowongoka ngati yawo. Funso la Emmanuel linkabwera, iye n'kuliponda ndi makina. Linkabweranso.

Mike anafika dzuwa litakwera, maso ali ofiira ngati munthu amene sanaone tulo.

"Eunice, pali zoti ndikuuzeni musanayambe."

"Mwachedwa, ndapaka kale." Anamuonetsa burashi. Fungo la guluu linali litadzaza shedi yonse. "Guluu ameneyu ali ndi mphindi zake khumi. Ukafulumira sagwira, ukachedwa wauma, chikopa chonse chaonongeka. Ndiye zolankhula zanu zikwane m'menemo."

Eunice anayesetsa kuseka, n'kutenga bolopeni. Pamalo amene anasiya osapaka, pakati pa chikopa, analemba tsiku. Pansi pake analemba: *Wasoka ndi Eunice, mwana wa Yakobo.* Anasiya mpata pamwamba.

"Lija tsiku lafika. Dzina."

"Chinkhoswe chija, mwachithetsa chifukwa cha ine?"

"Chifukwa cha bambo anga." Anazunguza bolopeni m'zala. "Ndi inu pang'ono. Kapena osati pang'ono. Musandichititse kunena kawiri, Jane ali ndi makutu aatali."

Mike anatseka maso ngati wamenyedwa.

"Odi kuno!" Anali a Nankhoma, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nkhuku yoyera ili m'khwapa, imodzi mwa zija za chinkhoswe. "Ali kuti mwana wa anthu amene watichotsa chitonzo? Bambo, ine ndilibe mawu. Landirani kankhukuka."

Anagwada pang'ono, akupereka ndi manja awiri. Mike sanalandire. Anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda galimoto.

"Mayi, chonde dzukani. Musandigwadire ine."

"Mphindi zikutha," anatero Eunice, bolopeni ili pachikopa. "Pansi pa chikopa salembapo bodza, munamva. Mike ndani?"

"Wotchi ija sinagwemo yokha," anayamba mnyamatayo, mawu akuduka. "Panali mwana amene ankaiseweretsa pa bowo la mphepo, itamupulumuka. Ankaopa lamba wa bambo ake. Atafunsidwa, analoza munthu amene anali pafupi. Ankayesa kuti angomukalipira basi."

Maso ake anali pansi. Dzanja lake linakwera lokha, n'kuyamba kukoka khutu lakumanzere.

Nkhuku inagwa m'manja mwa a Nankhoma n'kuthawira kunja ikulira. Mayiwo anadzuka pang'onopang'ono, chala chikuloza.

Eunice anayang'ana mayi ake, anayang'ana dzanja lili pakhutulo, anayang'ana chala chake chopanda mphete. Guluu anali atayamba kuuma m'mphepete.

"Nenani," anatero, ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire. "Nenani nokha, ndilembe."

Mnyamatayo anadzutsa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni pa Namitete anamuyang'ana m'maso osaphethira.

"Lembani kuti Simoni. Simoni Chikoti."